Nambala ya Malemu Bambo Awo

Foni inalira ndikutsuka kapu ya tiyi kuseri kwa ofesi yathu pa Mangochi boma. Linali Lachisanu, m'nyengo ya mwera, ndipo mphepo inali itayamba kale kumenyetsa zitseko. Woimbayo anali mlembi wa komiti ya asodzi pagombe lina cha ku Nkhudzi, mayi wofatsa amene saimbira munthu pachabe. Anati pali mayi wina amene wakhala pakhomo pa kaofesi kawo chikhalireni m'mamawa, akuti boti la amuna ake silinabwere, ndipo akukana kuchoka.

"Nanga makina akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti labwera, asisi. Pabiriwira."

"Ndiye labweratu. Auzeni adekhe, amuna awo afika."

Ndinadula foni n'kupitiriza kutsuka kapu yanga. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ndinayankhira mopepuka, ndimamva kutentha kumaso.

Makina ankanenawo ndinalemba ndine. Ndinabadwira kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, m'banja la tchalitchi, kwa bambo amene ankalima chinangwa n'kumatcheranso ukonde. Ndinakaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo nditabwerako ndinkayenda ngati pansi sipandikwana. Kabungwe kena kothandiza asodzi kanandilemba ntchito yoti ndikonze kaundula wa pafoni, wolemba maboti opita ndi obwera. Kale ankalemba m'buku, koma bukulo linkanyowa, linkasowa, nthawi zina linkapezeka likutsekera dengu la usipa. Ine ndinkaliseka bukulo poyera, pamaso pa eni ake.

Kaundula wanga anali wosavuta. Boti likamanyamuka madzulo, mlembi amalemba nambala yake ndi mayina a anthu okweramo, ndipo mzere wake umafiira. Likabwera m'mawa, iye amalemba nambala ija n'kudina, mzere n'kubiriwira. Maboti ena sabwerera pagombe lawo. Akamva kuti usipa ukugulidwa bwino cha ku Makokola amakakocheza komweko, ndipo mwini boti amangoimbira foni a tcheyamani a komiti, iwo n'kudina pafoni yawo. Choncho odina anali awiri, mlembi ndi a tcheyamani. M'kaofesi ka komiti munkakhala chigubu chofiira cha petulo, chotsekeredwa ndi loko, chosungira tsiku lokasaka anthu panyanja. Petulo ameneyu anali ataonongekapo kangapo kusaka anthu amene anali phee kwa achibale, ndiye komiti inaika lamulo loti chigubu chizituluka pokhapokha mzere wa boti ukhale wofiira dzuwa litakwera. Lamulo limeneli ndinaliombera m'manja ndine, chifukwa linkapatsa ulemu ntchito yanga.

Pali chinthu china m'ntchito imeneyi chimene ndinkachinyadira koposa, ngakhale panalibe msodzi ndi mmodzi yemwe akanachiona. Zonse zimene mlembi amalemba zimakasungidwa m'nkhokwe ya pakompyuta imene timaitcha detabesi, ndipo kuti nkhokweyo ichite kanthu umayenera kuitumizira lamulo lolembedwa. Anthu aulesi amangotenga chilichonse chimene munthu walemba pafoni n'kuchiphatika m'kati mwa lamulolo, ndipo mbava zimalowera pomwepo, kulemba malamulo awoawo m'malo mwa dzina. Aphunzitsi athu ankatikalipira zimenezi ngati tikuba nkhuku. Njira yoyenera ndi yokonzeratu lamulo lonse n'kusiya mipata, ngati fomu ya kuchipatala. Umalemba kuti, boti la nambala yakuti labwera, ndipo pamalo pa yakuti paja umaikapo chizindikiro cha funso. Kenako umamangirira mpata umenewo ku kabokosi ka m'pulogalamu kamene kadzanyamule zimene mlembi walemba. Pomangirirapo umayenera kunena mtundu wa chinthu chodzalowa pampatapo. Ukaika chilembo i, wauza makina kuti pabwera nambala yokhayokha. Ukaika s, wawauza kuti pabwera mawu, azitenge monga zilili. Ine pampata wa nambala ya boti ndinaika i, poti maboti onse a pagombe paja anali ndi manambala wamba, kuyambira wani kukwera m'mwamba. Ndinayesa, zinayenda, ndinadziombera m'manja.

Patapita miyezi ingapo anamwalira mkulu wina wa pagombepo, mwini boti la nambala 12. Anasiya maboti awiri, lakale lija ndi lina latsopano limene anali asanalembetse, komanso ana aamuna awiri. Kugawana maboti sikunavute, wamkulu anatenga latsopano, wamng'ono lakale. Chinavuta ndi nambala. Kumeneko nambala ya boti ili ngati dzina la pakhomo. Ogula usipa amafunsa za 12, osati za munthu, ndipo malemuwo anali atayenda nayo nambalayo zaka zambiri osataya munthu panyanja. Wamkulu anati nambala ndi yake poti ndiye wamkulu. Wamng'ono anati nambala ili pa thabwa la boti lake, yolembedwa ndi dzanja la bambo awo, ndipo amene akufuna kuifufuta ayambe wafufuta iyeyo. Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a kumzikiti, ndipo anaigamula mwanzeru ndithu. Wamkulu akhale 12A, wamng'ono 12B. Onse anavomera ndi pakamwa pokha. Kuyambira pamenepo sankalankhulana, ndipo wina ankakocheza kumpoto kwa gombe, wina kumwera, kuti asapatsane moni.

Mlembi anandiimbira kuti makina akukana kulemba chilembo pa nambala. Ndinadandaula kuti anthu akundipatsa ntchito chifukwa cha mikangano ya pachibale, koma ndinakonza tsiku lomwelo. Ndinasintha nkhokwe kuti izilandira zilembo, ndinasinthanso lamulo lolembetsa boti ndi lamulo la ponyamuka. Ndinaona 12A ndi 12B zitaima bwinobwino pamndandanda, n'kutseka laputopu. Imeneyo inali miyezi isanu Lachisanu lija lisanafike.

Cha m'ma naini koloko foni inaliranso, nambala yachilendo. Anali mayi uja, mkazi wa mwini 12B. Nambala yanga anaitenga kwa mlembi. Sanakuwe, sanalire, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

"Asisi, ndi inu mwapanga makinawa?"

"Ndine, mayi."

"Akuti amuna anga abwera. Abwerera kuti?"

Ndinatsegula laputopu ndili naye pafoni pomwepo. Mzere wa 12B unali wobiriwira. Anthu asanu, onse mayina awo ali pomwepo. Nthawi yobwera, 5:40 m'mawa. Ndinamuwerengera zonsezo pang'onopang'ono, ndi kamawu kaja kamene timalankhula nako ife ophunzira tikamafotokozera anthu akumudzi.

"Mwina akocheza kwina, aimbira a tcheyamani," ndinatero.

"Foni yawo sikupezeka kuyambira m'bandakucha."

"Batire imatha, mayi."

"Anthu asanu, mafoni atatu. Onse batire yatha?" Ndinkamva mphepo ikuwomba m'foni mwake. "Kuno akundiseka, asisi. Akuti bambowo ali ndi khomo lina ku Makokola, ndizolowere. Ine ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri. Akakocheza kwina amayamba aimbira ine, kenako a tcheya. Wallahi, sanabwere."

"Makina sanama, mayi," ndinamuyankha.

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga momwemo. Iye anangoti zikomo, n'kudula.

Ndinayesa kubwerera ku ntchito ina imene ndinali nayo, koma maso ankangobwerera pamzere uja. Kunja mwera unali utalimba, mapepala a pulasitiki akuuluka pamsewu wa kumsika, akabaza akupalasa atawerama. Ndinakulira m'mbali mwa nyanja ndipo ndimadziwa kuti mphepo ikamatere pa boma, kunyanja yaikulu kumakhala kuli zoopsa. Ndinayang'ananso, mwina pofuna kungodzitsimikizira kuti mayiyo akulakwa. Pamwamba pa 12B panali 12A, yobiriwiranso. Nthawi yobwera, 5:40. Ndinatsegula mbali imene imaonetsa nthawi yonse mpaka masekondi. Maboti awiriwo anali atabwera sekondi imodzi yomweyo.

Anthu awiri osalankhulana, okocheza mbali ziwiri zosiyana za gombe, sangabwere sekondi imodzi. Ngakhale mlembi atakhala ndi zala zachangu bwanji, sangadine kawiri m'sekondi imodzi. Ndinabwerera m'mbuyo, dzulo, dzana, sabata yatha, mwezi watha. Tsiku lililonse limene onse awiri anapita panyanja, nthawi yobwera inali yofanana ndendende.

Ndinaimbira mlembi. "Amayi, 12B munadina ndinu lero?"

"Ayi, ine ndadina 12A, ndawaona ndi maso achimwene aakuluwo akutsitsa usipa. 12B ndinapeza pabiriwira kale, ndiye ndinati adina a tcheya."

"Masiku ena onsewa?"

"Chimodzimodzi. Ndikadina wina, wina ndimapeza adina kale a tcheya. Paja iwo amadzuka msanga."

Ndinatsegula pulogalamu, mothamanga moti ndinalakwitsa mawu achinsinsi kawiri. Ndinapita pa lamulo la pobwera, lija ndinali ndisanaligwire chilembereni. Linali lokonzedwa bwino, mpata wake uli pamalo pake, lomangiriridwa mwaukhondo monga anatiphunzitsira. Ndipo pomangirira paja, kachilembo i kanali kakadali pomwepo. Mlembi akalemba 12A, makina ankamvera zimene ndinawauza ine, kuti pano pabwera nambala yokha. Ankatenga 12, chilembo n'kuchitaya. Nkhokwe ikalandira 12 inkafunafuna maboti onse amene nambala yawo imawerengeka 12, n'kupeza awiri, n'kuwabiriwitsa onse. Inkalembanso kachenjezo kakang'ono penapake kuti yadula kanthu, koma ndinali ndisanakonze poti chenjezolo lizioneka. Kwa miyezi isanu mchimwene mmodzi akabwera, makina anga ankabweretsa onse awiri, ndipo palibe anazindikira chifukwa masiku onsewo onse awiri ankabweradi.

Ndinayang'ana wotchi. Inali itadutsa hafu pasiti naini. Ngati boti linali pamavuto kuyambira m'bandakucha, ndiye kuti anthu asanu anali atatha maola anayi pamadzi pamene chigubu chofiira chili chotsekera chifukwa cha ine.

Sindibisa, ganizo loyamba limene linandibwerera silinali labwino. Ndinaganiza zosintha kachilembo kaja mwakachetechete, kufiiritsa mzere wa 12B, kenako kuimba foni kuti netiweki inasokoneza. Aliyense akanakhulupirira, netiweki timainamizira zambiri. Ndinafiiritsadi mzerewo ndi dzanja langa, n'kuimbira a tcheyamani. Iwo ndi bambo wachikulire, wa ndevu zoyera, wosakonda kuthamangitsidwa, ndipo nthawi imeneyo anali akukonzekera za mapemphero a Lachisanu.

"A tcheya, tsegulani chigubu. 12B sinabwere."

"Iii, mwanangu, ndangoyang'ana kumene, pabiriwira."

"Yang'ananinso."

Ndinamva akupuma, akudinadina. "Eee, pafiira tsopano. Ndiye pafiira bwanji pamene panabiriwira? Boti labwera, labwereranso panyanja?"

"Ndasintha ndine."

"Mwasintha ndinu." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Mayi uja wakuimbirani, wakulirirani, inu mwamva chisoni mwasintha. Mwanangu, lamulo lija tinaika pamodzi, inu muli pomwepo. Tinati tisamatsegule chigubu chifukwa cha misozi. Mawa wina adzalira, mudzasinthanso? Komiti ndikaiuza chiyani?"

Sankalakwa. Ankanena zimene ndinawaphunzitsa ine ndemwe, ndipo bodza la netiweki silikanawasuntha. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa ofera kuuna sakanakhala ine.

"A tcheya, ndimvereni. Inu munadinapo 12B lero?"

"Ayi, adina amlembi."

"Amlembi sanadine. Palibe wadina. Makinawo ndinawalakwitsa ine. Chiyambire kuika zilembo zija, saona kusiyana kwa 12A ndi 12B. Wina akabwera amalemba kuti abwera onse. Akhala akunama miyezi isanu, ndipo wonamitsa ndine. Anthu aja ali panyanja."

Kenako ndinamva akuti, "Laa ilaha," chapansipansi, ndi phokoso la makiyi. Sanandikalipire, sanatsanzike, foni inangoduka.

Ndinasintha i kukhala s. Ntchito yake sinanditengere ngakhale mphindi imodzi. Ndinatseka laputopu, kuiponya m'chikwama, n'kuthamangira kudepoti osauza aliyense mu ofesi. Minibasi ya ku Monkey Bay inali ndi anthu anayi okha, kondakitala akuitanira mwaulesi ngati tsiku ndi lake. Sindikanatha kudikira. Ndinakwera njinga yamoto, ndipo mnjira monse mchenga unkandimenya kumaso, ine n'kumangowerenga mitengo ya milambe kuti ndisaganize. Sizinathandize. Ndinkangoona mayina asanu aja monga analembedwera pamzere, ndipo ndinazindikira kuti lachitatu ndi la bambo wina amene anandipatsapo chambo chaulere tsiku limene ndinkaphunzitsa komiti kudina.

Ndinafika dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Nyanja inali yotuwa, mafunde akuswekera pamchenga mpaka kufika pamathandala oyanikira usipa, amayi akukokera madengu kumtunda. Gombe lonse linali litadziwa kale. Anthu anandiyang'ana ndikutsika panjinga, ndipo palibe anandipatsa moni, chinthu chimene kumeneko sichichitika.

Mlembi ndiye anandifotokozera zimene zinachitika ndili m'njira. A tcheyamani atatulutsa chigubu, panabuka funso loti apite ndani, poti pamafunde otere boti la injini yaing'ono likanangowonjezera anthu osakidwa. Boti lokhalo la injini yamphamvu pagombe paja linali latsopano lija, 12A. Anthu anayang'anana, palibe amene ankafuna kukagogoda pakhomo pa mkuluyo kukamuuza za mng'ono wake. Anapita ndi mayi uja yekha. Anamupeza atavala kale mkanjo woyera wa kumzikiti, ndipo anagwada pakhonde n'kunena kuti, alamu, ang'ono anu sanabwere. Mkuluyo akuti anangoimirira. Anavula mkanjo, kuupachika pachitseko, n'kutsetserekera kunyanja atanyamula chingwe. Amuna ena atatu anamutsatira.

Mayiyo ndinamupeza atakhala pabwato logadabuzika, kutali pang'ono ndi anzake, atafunda chitenje kumutu. Anali wamng'ono thupi kuposa mmene mawu ake anandionetsera pafoni. Ndinaima pafupi osadziwa poyambira.

"Ndine wa makina uja, mayi."

Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, kenako anasendera n'kundisiyira malo pabwatopo. Ndinakhala. Ndinayamba kufotokoza za mipata ndi zomangirira, ndikuganiza kuti ayenera kudziwa, koma anakweza dzanja.

"Zimenezo mudzandiuza akabwera," anatero.

Tinakhala pamenepo. Kumzikiti anaitana, amuna ambiri anapita, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti shehe anatchula mayina asanu aja m'mapemphero. Ine ndinapemphera mwa kwathu, chamumtima, mapemphero osalongosoka, ongobwereza mawu amodzimodzi. Mlembi anabweretsa madzi akumwa, palibe anamwa. Nthawi ndi nthawi wina ankaloza kanthu kakuda pamafunde, anthu n'kuimirira, kenako n'kukhalanso pansi. A tcheyamani ankayesa foni ya mkulu uja, imalowa n'kuduka. Kamodzi inagwira, ndipo tinangomva mawu akuti sitinawaone, tikulowera kumpoto, basi n'kuduka. Mwera umakankhira zonse kumpoto, kumene nyanja imatambasuka, ndipo aliyense pagombe paja ankadziwa kuti ola lililonse limene ndinawachedwetsa linawonjezera mtunda umene petulo wa m'chigubu chimodzi anayenera kuyenda.

Ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo. Ndinkaganiza za maliro asanu, za mmene ndidzayendere pamsika wa boma anthu akulozerana. Kenako ndinkadzida poona kuti ngakhale pamenepa ndikuganiza za ine mwini. Mayi uja sanandiyang'anenso. Milomo yake inkangogwedera, zala zikuwerenga mfundo za chitenje.

Itangodutsa fili koloko, mayi wina wa maso akuthwa anakuwa kuti akubwera. Poyamba tinaona boti limodzi lokha, likukwera ndi kutsika. Kenako funde litatsika tinaona lachiwiri kumbuyo kwake, lomira chapakati, likukokedwa ndi chingwe. Anthu anayamba kuwerenga mitu mokweza. Pa boti lakutsogolo anapita anayi, tsopano munali ambiri. Wina anati asanu ndi atatu, wina anati ayi, asanu ndi anayi, pali wina wagona pansi. Anawerenga mobwerezabwereza mpaka boti linagunda mchenga.

Anali asanu ndi anayi. Wogona pansiyo anali bambo wa chambo uja, atamwa madzi ambiri ndiponso atazizidwa, ndipo anamunyamula anthu anayi kupita naye kumsewu kukafuna galimoto ya kuchipatala. Anachira patapita masiku. Ena anatsika okha, milomo yoyera, m'manja muli mabala okhaokha chifukwa chokapa madzi. Injini inali itazima m'bandakucha funde litaimiza, mafoni ananyowa, ukonde anautaya kuti boti lipepuke. Amayi analulutira, ena akuti Alhamdulillah, ena akulira. Mkulu uja anamasula chingwe chake, kuchikulunga, n'kukwera kumtunda osayang'ana aliyense. Mng'ono wake anamuitana kamodzi, achimwene, ndipo iye anangokweza dzanja osatembenuka.

Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa gulu, ndikufuna kuzemba. Koma mwini 12B anandiona. Ankandidziwa kuchokera tsiku la maphunziro lija. Anabwera akudzandira, atafunda bulangete limene wina anamuponyera, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, otupa ndi ozizira.

"Asisi, Mulungu akudalitseni," anatero, mawu ali osasa. "Kutacha tinali tikuonabe mapiri apafupi. Anzangawa amafuna atenge kabwato kathu ka nyali zokopera usipa, awiri apalase kudzaitana anthu mphepo isanakule. Ine ndinawaletsa. Ndinati khalani pansi, musataye mphamvu, makina a asisi aja aona kuti sitinabwere, ikamakwana seveni atipeza. Kabwatoko kenako kanaduka chingwe, kanapita. Koma ndinkawauzabe, limbani mtima, pafiira kumtunda, akubwera. Ndi zimene zatisunga."

A tcheyamani anayang'ana pansi. Mkazi wa mwini botiyo anali ataima pambali pa mwamuna wake, atamugwira bulangete, ndipo anandiyang'ana m'maso. Sakanandiulula, ndinaona zimenezo. Anangodikira kuti aone chimene ndichite.

"Bambo, sipanafiire," ndinatero. "Makina analemba kuti munabwera 5:40. Ndinawalakwitsa ine. Akazi anuwa anandiimbira kuti simunabwere, ine ndinawatsutsa. Amene wakupulumutsani ndi awa, ndi achimwene anu."

Sanasiye dzanja langa nthawi yomweyo. Analigwirabe, akundiyang'ana ngati akuwerengera kenakake m'mutu.

"5:40," anatero. "Nthawi imeneyo n'kuti ndikuwaletsa kukwera kabwato."

Kenako anasiya dzanja langa mofatsa, ngati mmene umaikira pansi chinthu cha eni ake, n'kutembenukira kwa mkazi wake. Anapita kwawo pang'onopang'ono, mayiyo atamuchirikiza m'chiuno.

Sabata yotsatira komiti inandiitana. Ndinafotokoza zonse, ndinawaonetsa kuti ndakonza, ndinayesa pamaso pawo maboti onse limodzilimodzi, ndinaikanso poti chenjezo lililonse lizifika pafoni panga. Anandimvetsera mwaulemu. Anagwirizana kuti makina apitirire, koma lamulo la chigubu analisintha, kuti mkazi kapena mayi wa msodzi akanena kuti munthu wake sanabwere, loko azitsegula, pafiire pasafiire. Potuluka ndinakumana ndi mayi uja pakhomo. Anali atanyamula kope latsopano la ana a sukulu ndi bolopeni yomangirira ulusi. Anandipatsa moni bwinobwino, kundifunsa za kunyumba, kenako analowa n'kuika kopelo patebulo la mlembi.

"Enawo muzidina," anatero. "Amuna anga muziwalemba umu, mukawaona ndi maso."